Mutu 4: Amalume Pansi pa Makwerero

1. Funso la m'mawa

"Nanga makwerero andigwirira ndani?"

Namagalasi anafunsa ali chiimire pakhomo la chipinda chochezera, ndowa ili kumanja. Amayi ake anapitiriza kusita diresi. Amalume ake anapitiriza kupotokola wailesi imene inali itasiya kale kulankhula. 

Dzina loti Namagalasi anamupatsa ndi anthu a mumsewu wawo. Atamaliza sekondale, anzake anayamba kuzungulira m'maofesi atanyamula maenvulopu. Iye anagula ndowa, nsanza zofewa, sopo wamadzi ndi kampira kokokolera madzi pagalasi. Anayamba ndi zenera la ometa tsitsi, kenako la telala, kenako la sitolo ya nsapato. Anthu ankamuseka, koma ankaseka uku akudziyang'anira pa magalasi amene iye watsuka.

Tsopano kunali kutabwera ntchito yaikulu. Pafupi ndi siteshoni ya mabasi anali atamanga nyumba yosanja ya maofesi, magalasi okhaokha kuyambira pansi mpaka kumwamba. Woyang'anira nyumbayo anali atamuuza mosapita m'mbali.

"Ntchito ndikupatsa, ndipo ukaigwira bwino izikhala yako mwezi ndi mwezi. Koma pano munthu sakwera makwerero ali yekha. Ubwere ndi wokugwirira. Ukabwera wekha, ubwerera pageti."

Ndiye Namagalasi ankafunika wantchito, woyamba m'moyo wake.

Amalume akewo anali dalaivala wa basi kwa zaka zambiri. Kampani itagulitsa mabasi ake, anabwera kwa mlongo wawo kuti apumeko masiku ochepa. Masiku ochepawo anachuluka mpaka sutikesi yawo inachita fumbi kunsi kwa bedi. Komabe ankadzuka m'mamawa, kumeta ndevu, kupolisha nsapato, n'kukhala pampando ngati munthu wodikira kuitanidwa.

2. Mawu a kukhitchini

Amayi anazimitsa simbi n'kukodola Namagalasi. Atalowa kukhitchini anatseka chitseko.

"Iwe, funso lakolo umafunsa ndani? Khoma? Suwaona amalume ako?

"Tamvera kuno. Chibale ndi fupa, sichiola. Bambo ako atamwalira, amene ankakunyamula pa njinga kupita nawe kuchipatala ndi achimwene angawa. Nsapato zako zoyamba za kusukulu anagula ndi iwo. Lero agwa. Mwamuna akagwa salira, amangopolisha nsapato. Iwe ukufuna ukatole munthu wa mumsewu, wosamudziwa kwawo, umupatse ntchito, amalume ako ali pompano akuwerenga malata a denga? Anthu adzati chiyani? Adzati mwana uja wapeza pabwino waiwala amene anamulera.

"Komanso munthu wachilendo ukamusiyira ndowa, upeza ndowa yapita. Ukamusiyira makwerero, upeza akucheza ndi atsikana iwe uli m'mwamba. Wako ndi wako. Ukagwa, amayamba kulira ndi iyeyo.

"Koma chinthu chimodzi. Ndi akuluakulu. Usakawatume ngati mwana. Usakawakweze mawu pagulu. Ukafuna chinthu, ukapemphe. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Wamva chiyani?"

"Ndiwalembe ntchito, koma ndisawatume."

Amayi anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akuchita mwano. Nkhope ya Namagalasi inali yoyera ngati zenera la telala.

3. Mayi Sopo

Masana anapita kukagula sopo wina. Mwini sitoloyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Mayi Sopo, anali mayi wachikulire wa mawu aakulu. Nkhani ya nyumba yosanja anali ataimva kale.

"Ndiye walemba ndani?"

"Ndikuganiza zoyesa amalume."

Mayi Sopo anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

"Mwanawe, khala pa kreti apo. Ine ndinalembapo mlamu wanga m'sitolo muno. Wachibale umamulemba ndi mawu amodzi, koma pomuchotsa pamafunika msonkhano wa banja lonse, ena kuchokera kutali, ndipo onsewo uwaphikire. Akachedwa kuntchito, sungafunse. Akaswa chinthu, umapepesa ndiwe. Ukamudzudzula m'mawa, madzulo mukakumana pa mbale imodzi.

"Sindikunena kuti amalume ako ndi oipa. Ndimawaona, ndi munthu waulemu. Vuto si iwo ayi. Vuto ndi pakamwa pakopa. Ntchito yako ndi ya m'mwamba. M'mwamba mulibe nthawi ya moni. Chinthu chikalakwika umakuwa, kupepesa pambuyo. Kodi iwe ungawakuwire amalume ako?"

"Ndingathe."

"Chabwino. Ine ndine amalume ako. Ndanyamula chidebe cha asidi, ndikufuna kuthira pa galasi la eni ake. Ndiletse."

Namagalasi anakonza kukhosi. "Amalume, pepani, ndimati mwina, ngati simudandaula..."

"Ndathira kale!" Mayi Sopo anaomba m'manja, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Galasi lapsa, ntchito yatha, iwe ukadali pa 'ngati simudandaula'. Tamvera. Pali mwana wa mnansi wanga, wamaliza sukulu chaka chatha, ali ndi mphamvu ngati ng'ombe. Ameneyo ukhoza kumukalipira mpaka kukhuta. Ukamufuna undiuze."

Namagalasi anathokoza, n'kunyamula sopo wake. Atafika kunyumba anapeza amalume ali pampando paja. Anagwada pambali pawo.

"Amalume, mawa ndili ndi ntchito yofunika anthu awiri. Ndimati mukandithandizeko, tikayese tsiku limodzi."

Amalume anazimitsa wailesi yosalankhulayo.

"Ngati palibe wina, mphwanga, ndipita. Ndinalibe pulogalamu yaikulu mawa."

4. Tsiku loyesa

Ananyamuka dzuwa lisanatuluke bwino. Galasi silitsukidwa dzuwa likuliomba, chifukwa sopo amauma msanga n'kusiya mizere. Amalume anavala ovolosi imene Namagalasi anagula pa msika wa zovala zakale. Inali yaifupi miyendo, moti nsapato zopolisha zija zinkaonekera zonse. Anasenza makwerero n'kutsogola, ngakhale kuti njira ankaidziwa ndi Namagalasi.

Pageti anakumana ndi woyang'anira nyumba, bambo wamfupi wa makiyi ambiri m'chiuno. Tsiku lomwe anapangana ndi Namagalasi anali wotanganidwa, ndipo zikuoneka kuti ankaganiza kuti mtsikanayo anangotumidwa. Ataona imvi za amalume, nkhope yake inamasuka.

"Eya, bwana mwabwera nokha! Ndimada nkhawa kuti mwangonditumizira kamtsikana." Anawagwira chanza ndi manja awiri. "Muyambe kunja, mukamaliza mulowe m'kati pansipa. Mwana wanuyu mumuyang'anire bwino."

Amalume anakhosomola. Sanavomere, koma sanakanenso. Namagalasi anayang'ana ndowa yake.

Ntchito ya kunja inayenda bwino. Magalasi atsopano amabwera ndi timapepala ta kufakitale tomata m'makona. Namagalasi anawaonetsa amalume kachotsedwe kake: kunyowetsa galasi kaye, kenako kupala ndi lezala moligoneka. Anawaonetsanso kukoka kampira kuchokera pamwamba, n'kumakapukuta ndi nsanza asanakokenso.

"Mphwanga, ine ndatsuka magalasi a basi iwe usanabadwe," anatero amalume. "Galasi ndi galasi."

Panali chinthu china chimene Namagalasi ankafuna kuwauza. M'kati mwa magalasi apansi munali mutamatidwa tinti, kapulasitiki kakuda kopyapyala kochepetsa dzuwa. Tinti safuna lezala, safuna ngakhale chikhadabo. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma mawu oti galasi ndi galasi anali akadali m'malere. Anaganiza zowauza nthawi ina yabwino.

Anakwera makwerero, amalume atagwira pansi. Ali pakati pa ntchito, basi ina inaima pamsewu n'kuliza hutala. Dalaivala, mnzawo wakale wa amalume, anasuzumira pazenera.

"Aaa! Akuluakulu! Ndinu kodi? Chiwongolero munasinthanitsa ndi makwerero? Amenewa ali ndi magiya angati?"

Kondakitala ndi anthu ena m'basimo anaseka. Namagalasi anayang'ana pansi. Anangoona pamutu pa amalume, pamene tsitsi linayamba kuthothoka, ndi manja awo awiri atakanirira makwerero. Sanacheuke. Sanakweze dzanja ngakhale kuti abweze moni. Hutala inaliranso, basi n'kupita.

"Maliza ngodya iyo, mphwanga," anatero osakweza mawu. "Wasiya thovu kumanzere."

5. Kugogoda

Dzuwa litakwera, kunja kunatsala magalasi apansi okha, osafuna makwerero. Amalume anati alowe akayambe m'kati kuti ntchito ifulumire. Anatenga ndowa yachiwiri n'kuzungulira kukhomo lalikulu.

Namagalasi anali akutsuka galasi lalikulu la ofesi yoyamba pamene anawaona mbali inayo. Anali atawerama pakona, akuyang'anitsitsa pamene tinti anatukuka pang'ono. Anakanda ndi chala. Kenako anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa lezala.

Pakati pa awiriwa panali galasi lochindikala. Kuti amumve, ankayenera kulimenya ndi chikhatho n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse. Pabwalo panali mlonda, amayi awiri okolopa, ndi anthu odutsa.

Namagalasi anapinda chala n'kugogoda katatu, pang'onopang'ono, monga amagogodera pa chitseko cha chipinda cha akuluakulu.

Amalume anadzutsa mutu, n'kumwetulira, n'kumubayibitsa ndi dzanja la lezala lomwelo.

Namagalasi anagwedeza mutu kuti ayi. Amalume anaganiza kuti akuwafunsa ngati atopa. Nawonso anagwedeza mutu kuti ayi, n'kubwerera pa ntchito.

Apo m'pamene Namagalasi anataya kampira n'kuthamanga. Khomo linali kutali, kuseri kwa nyumba. Pokalowa anakumana ndi mayi wokolopa, ndipo anapezeka waima kupepesa chifukwa choponda ponyowa. Pamene ankafika mu ofesi muja, amalume anali ataimirira, atanyamula chipulasitiki chakuda chachitali ngati chikopa cha njoka. Theka la galasi linali mbee, dzuwa likulowa ngati kwawo.

"Taona, mphwanga," anatero mokondwa. "Amisiri a masiku ano ndi aulesi. Anasiya chipepala chonsechi osachotsa. Taona mmene kwawalira muno."

6. Mwini ntchito

Makiyi anamveka kulira m'khonde. Woyang'anira analowa, n'kuima. Anayang'ana galasi, n'kuyang'ana chipulasitiki chimene tsopano Namagalasi anali atachilandira m'manja mwa amalume.

"Mayo ine! Tinti wa eni ake! Ofesi imeneyi alowamo sabata yamawa!" Anatembenukira kwa amalume. "Bwana, ndinakuuzani kuti mwanayu mumuyang'anire. Ana a masiku ano manja ali patsogolo, nzeru m'mbuyo. Mumawatola kuti antchito otere?"

Mlonda ndi amayi okolopa aja anali atafika pakhomo. Amalume anayang'ana galasi, ndipo kumwetulira kuja kunazimirira pang'onopang'ono. 

Namagalasi anapinda chipulasitiki chija n'kuchiika pa tebulo.

"Bambo, mwini ntchito ndine. Munapangana ndi ine. Awa ndi antchito anga, ayamba lero. Tinti achotsa ndi iwo, koma sanadziwe, chifukwa ine sindinawauze. Ndinawaona akuyamba ndipo sindinawaletse msanga. Mlandu ndi wanga. Ndikapeza amene amamata tinti kuti adzakonze ofesi isanatsegulidwe."

Mmodzi wa amayi okolopa anagwira pakamwa. Woyang'anira anayang'ana mtsikanayo, kenako mkuluyo.

"Zoona zimenezi, bambo?"

Amalume anavula chipewa.

"Ndi zoona. Abwana ndi awa."

Woyang'anira anakhala pa ngodya ya tebulo, n'kupukuta thukuta. Atayambanso kulankhula, mawu ake anali atatsika.

"Mtsikana iwe, ndili ndi mwana wa msinkhu wako, ndiye ndikuuza ngati bambo. Magalasi akunja mwatsuka bwino, sindinama. Ndipo wanena zoona pamene bodza likanakupulumutsa, chifukwa ine ndikanangoti ndi chibwana, n'kukambirana ndi akuluwa. Koma nyumba ino si yanga. Ine ndimasunga makiyi chabe. Lero ndi tinti, mawa ndi kompyuta ya munthu, mkuja ndi munthu kugwa. Bwana amene amaopa wantchito wake ndi woopsa kuposa makwerero othyoka. Ndakuona m'mawa pageti. Ndinalakwitsa ine, iwe unangoti chete. Ukhala chete kangati?

"Ndiye mvera. Ntchito sindikulanda. Konza galasili, ndipo mawa ubwere udzamalize m'kati. Koma ubwere ndi munthu wina, amene ungathe kumulamula. Akuluwa akapume. Ndikawaonanso pageti, ndiitana kampani ina."

Pobwerera amalume anasenza makwerero ngati m'mawa, koma ulendo uno ankayenda pambuyo.

7. Ovolosi pa tebulo

Nkhani ili ndi miyendo yaitali kuposa munthu. Mmodzi wa amayi okolopa aja ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi mnansi wawo, ndipo pamene awiriwa ankafika kunyumba, amayi anali atakhala kale pakhonde, manja ali m'chiuno.

Amalume analonjera n'kulowa kuchipinda. Amayi anadikira kuti chitseko chitsekeke.

"Wati chiyani pamaso pa anthu? 'Antchito anga'? Achimwene anga ine, pamaso pa okolopa? Ndinakuuza chiyani dzulo?

"Koma wolakwa ndine. Ndinakukakamiza. Ndimaganiza kuti ndikuwadzutsa, osadziwa kuti ndikukawavula pagulu. Munthu amene ankayendetsa basi yodzaza anthu, lero akuvulira chipewa mwana amene anamusintha matewera! Basi, zathera pomwepa. Lero lomwe upite kwa Mayi Sopo ukatenge mnyamata amene unandiuza uja. Ntchito ija usaitaye, mwanangu, ntchito zotere sizibwera kawiri. Amalume ako akhale pakhomo. Bola kusowa chochita kusiyana ndi kunyozeka. Ine ndi amene ndikawauze, iwe usavutike."

Sanafunikire kukawauza. Chitseko chinatseguka, amalume n'kutuluka atavala malaya awo a masiku onse. M'manja anali ndi ovolosi ija, ataipinda bwinobwino, makona ake ali chilili. Anaiika pa tebulo, pamwamba pake n'kuikapo lezala.

"Mphwanga, zikomo pondiyesa. Ndakuonongera. Mkulu uja wanena zoona, upeze wachinyamata. Za ine usadandaule, ndinazolowera kukhala."

Anapita pampando wawo n'kunyamula wailesi.

Namagalasi anatsuka nsanza zake n'kuziyanika. Anatsanula madzi a m'ndowa, n'kupukuta kampira. Amayi ankamutsatira ndi maso, kudikira kuti atuluke apite kwa Mayi Sopo sitolo isanatsekedwe. Iye analowa m'nyumba, n'kutenga lezala lija kuliika m'thumba mwake. Kenako ananyamula ovolosi. Ulendo uno sanagwade.

"Amalume, ikani wailesiyo pansi."

Amayi anatsegula pakamwa. Amalume anayang'ana mphwawoyo kwa kanthawi, n'kuika wailesi pansi.

Namagalasi anawaika ovolosi pamiyendo.

"Kuyesa kwatha. Ndakulembani ntchito. Mawa tikupita ku nyumba yosanja ija, tonse awiri."

"Iwe!" anatero amayi. "Sunamve zimene ananena mkulu uja? Akakubwezani pageti! Chifukwa chiyani ukuchita zimenezi?"

Namagalasi anali atafika kale pakhomo, akuyang'ana ngati nsanza zayamba kuuma.

"Mkulu uja akufuna munthu amene ndingathe kumulamula, ndipo ndamupeza. Tinyamuka dzuwa lisanatuluke," anatero. "Musachedwe, amalume."